Wamagetsi a galimoto wa ku Ndirande amene amayamba wayeza asanamasule kanthu

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 1998, ija ambiri amangoti 110, ya injini ya 5A, yothomatiki. Anandisiyira ndi malemu bambo anga, ndipo ndi imene ndimanyamulira mazira kuchokera ku Lunzu kukaperekera m'magolosale a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa. Ikakana kulira m'mawa, ndiye kuti tsiku limenelo ndalama sindiigwira.

Kwa miyezi itatu inkandivuta motere: ndikapotokola kiyi, magetsi onse a padeshibodi ankayaka bwinobwino, koma injini zii. Nthawi zina ndinkamva kaphokoso kofooka kuchokera kuboneti, basi. Tsiku lina inkalira kamodzin'kamodzi ngati palibe chovuta. Zinkanyanya masana, ndikaima pang'ono kutsitsa mathileyi dzuwa lili pamutu. Inu a galimoto za manyuwo, zosintha magiya ndi dzanja, mumangoitana anyamata awiri akukankhireni n'kumapita. Yothomatiki siilira ndi kukankha. Umakhala pomwepo mazira akutenthedwa m'galimoto.

Makaniko woyamba anati ndi batire, ndinagula yatsopano. Patatha masiku anayi vuto lija linabwerera. Wachiwiri anati ndi sitata, anandipezera ina yogwirapo kale ntchito, ndinalipira sitatayo ndi ntchito yake yomwe. Sipanathe sabata. Wachitatu anati angokoka waya kuchokera kubatire mpaka kusitata n'kundiikira kabatani pafupi ndi chiwongolero. Ndikanavomera chifukwa ndinali nditatopa, koma mlamu wanga anandiletsa n'kundilozera kwa mkulu wina amene amakonza zamagetsi a galimoto chakuseri kwa msika wa Ndirande. Alibe chikwangwani. Ndi kashedi ka malata, tebulo lodzaza masitata ndi ma alternator omasula, ndi mnyamata mmodzi wophunzira ntchito.

Anayamba ndi mafunso, boneti asanaitsekule n'komwe. Kodi magetsi a padeshibodi amazilala ndikapotokola kiyi? Ndinati ayi, amakhala chiwalire. Kodi ndinayesapo kuiliza giya ili pa N (nyutulo) m'malo mwa P (poimika galimoto)? Ndinali ndisanayesepo. Kodi magetsi a rivesi amayaka? Apa ndinakumbuka kuti mlonda wa pagolosale ina anandiuzapo kuti nthawi zina sayaka. Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kuuza mnyamata wake kuti abweretse mita.

Batire inaonetsa mavolti 12.6, kutanthauza kuti ndi yodzaza. Anandiuza kuti ndipotokole kiyi. Mwamwayi galimoto inakana kulira pamaso pake, ndipo nambala ya pamita siinatsike. Anandifotokozera kuti sitata imakoka moto wambiri kuposa chinthu china chilichonse m'galimoto, ndiye ikanakhala kuti ikuyesa kuzungulira koma ikukanika, nambalayo ikanagwa. Kusatsikako kunkasonyeza kuti sitata siikuuzidwa n'komwe kuti iyambe ntchito.

Kenaka anapita pa sitata penipenipo. Pamafika mawaya awiri: chiwaya chachikulu chochokera kubatire, ndi kawaya kakang'ono kolowa pa solenoid (kachipangizo ka pa sitata kolumikiza sitatayo ku moto wa batire), kamene kamabweretsa moto pokhapokha kiyi akapotokoledwa. Pa chachikulucho moto unalipo wonse. Pa kakang'onoko panalibe kanthu. Atatsimikiza kuti giya ili pa P ndipo handibuleki yakokedwa, anatenga kachidutswa ka waya n'kukhudzitsa moto wa batire pa solenoid. Sitata inazungulira mwamphamvu nthawi yomweyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, sitata iyi ndi yamoyo. Mwinanso ija anachotsa ija inalibe mlandu." Mtima unandipweteka ndithu, poti ndalama imeneyo ndinachita kubwereka.

Kuchokera apo anayamba kulondola moto chobwerera m'mbuyo, ndipo apa ndi pamene ndinaonera kusiyana kwa iye ndi anzake aja. Anajambula ndi chala pafumbi la pagalasi njira yake: moto umachoka pa kiyi, n'kudutsa pa switchi imene ili pambali pa giyabokosi, n'kukafika pa relay (kaswitchi kotsekulidwa ndi moto) ya m'bokosi la mafyuzi, ndipo relay ndi imene imautumiza ku solenoid. Switchi ya pagiyabokosiyo, imene amakaniko amaitchula kuti inhibitor, imalola moto kudutsa giya ikakhala pa P kapena N basi. Anazula relay n'kuika ina yabwino imene amasungira kuyesera, koma palibe chinasintha. Atayeza pamene relay imalowa anapeza mavolti 7 okha, ndipo mnyamata uja akamagwedeza ndodo ya giya nambalayo inkadumphadumpha. Moto woterewu sungakoke relay mokwanira. Kaphokoso kofooka kamene ndinkamva kaja kanali komweko.

Anamasula switchiyo n'kuitsekula patebulo ine ndikuona. Girisi wa m'kati anali atauma ngati phula, timikuwa take titabiriwira. Anatsuka, anapala pang'onopang'ono ndi kasandipepala kosalala, n'kupaka girisi watsopano. Poibwezera sanangomanga. Anaika giya pa N, n'kuitembenuza pang'ono mpaka kamzere kake katalunjikana ndi chizindikiro, kenaka n'kumanga mabawuti ake awiri. Anati ambiri amaiwala zimenezi akatsitsa giyabokosi, ndiye galimoto imayamba kulira pa N pokha, pa P n'kumakana.

Galimoto inalira. Ine ndinali nditayamba kale kutsekula chikwama, koma iye anabwezanso mita paja n'kupukusa mutu. Moto unali utakwera koma unali usanafike pamene batire ili. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, anachotsa mapulasitiki, n'kutulutsa kabokosi kakuda ka alamu yakalekale imene ine sindinkadziwa kuti ilimo. Amene anaiika anadula waya wochokera pa kiyi kupita kusitata n'kuudutsitsa m'kabokosiko, ndipo polumikiza anangopota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi. Tepiyo inali itasungunuka, mawaya atada bii. Kukatentha, polumikizapo pankalekerera. Anachotsa alamu yonseyo, anawotcherera wayayo ndi mtovu, n'kuuveka kachubu kaja kamene kamafinyika ukakawotcha. Asanatseke boneti anayezanso waya wa earth (wobwezera moto kubatire) wochokera kubatire kupita kuinjini sitata ikuzungulira, anapeza kuti sukutaya moto, koma anaupalabe dzimbiri polumikizira.

Ndinamufunsa za kabatani kaja. Nkhope yake inasintha. "Mayi, muli ndi ana pakhomo?" Ndinati ndili nawo awiri. Anati kabatani koteroko kamalambalala switchi ya pagiyabokosi, ndiye galimoto itha kulira giya ili pa D kapena R n'kunyamuka yokha, mwana ali kutsogolo kwake. Anati ntchito imeneyo iye saigwira ngakhale munthu atamulipira kawiri. Pomaliza anandikhazika pampando, phazi pabuleki, n'kundiyesetsa giya iliyonse. Pa P inalira, pa N inalira. Pa R, D, 2 ndi L inakana, monga mmene iyenera kuchitira. Magetsi a rivesi nawonso anabwerera, poti amadutsa pa switchi yomweyo.

Zodandaula zilipo. Ndinafika 8 koloko m'mawa, ndinachoka itadutsa 3 koloko. Amalandira galimoto zingapo nthawi imodzi, ndipo wakabaza akabwera ndi vuto laling'ono amakusiya kaye. Pokhala palibe, mthunzi ndi wochepa, ndipo foni sayankha akakhala pantchito. Zipangizo sasunga, moti switchiyo ikanakhala yotheratu ndikanayenera kukaisaka ndekha ku Limbe. Lisiti anandilembera nditachita kupempha. Kwa munthu wa bizinesi ngati ine zimenezi zimavuta, ndipo ndinamuuza pamaso.

Koma ndalama imene anatchula siinafike ngakhale theka la imene ndinataya pa sitata ija, ndipo palibe chipangizo chatsopano chimene ndinagula. Papita miyezi inayi tsopano, dzinja lonse ladutsamo ndi matope a ku Lunzu, galimoto siinakanepo kulira ngakhale tsiku limodzi. Ngati yanu ndi yothomatiki yakale ndipo ikungokhala chete magetsi akuyaka, yesani kaye kuiliza pa N phazi lili pabuleki, muonenso ngati magetsi a rivesi akuyaka, ndipo zimene mwapezazo mukamuuze wamagetsi musanagule chilichonse. Mukapita kwa mkulu wa ku Ndirandeyu, lawirirani, nyamulani madzi akumwa, ndipo tsiku limenelo musapangane ndi munthu wina. Ine Loweruka likubwerali ndikubwererako ndi ya mlamu wanga, imene magetsi ake akutsogolo akumazima okha usiku.