Masokosi oyendera mtunda wautali: a thonje, a poliyesitala kapena a ubweya wa nkhosa?

Amene munakwerapo phiri la Mulanje nthawi ya chiperoni mukudziwa kuti matuza sabwera chifukwa cha nsapato zokha. Masokosi akanyowa khungu limafewa, kenako nsapato imangolisupula pachidendene.

A thonje ndi amene ambiri tili nawo, ndipo sakwera mtengo. Vuto lake thonje limamwa thukuta n'kulisunga. Pakatha maola angapo zala zimayera n'kuchita makwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Kumsika kapena kutchalitchi valani, koma kuphiri asiyeni kunyumba.

A poliyesitala ndi nayiloni amauma msanga komanso ndi olimba, n'chifukwa chake othamanga m'mawa amawakonda. Koma sachedwa kununkha, ndipo ulusi wake ndi pulasitiki. Pochapa, tizidutswa take timapita ndi madzi mpaka kumtsinje, ndipo sitiwola.

Ine ndimayikira kumbuyo a ubweya wa nkhosa za merino. Ubweyawu ndi wosalala kwambiri moti suyabwa. Umatha kumwa chinyontho chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa, ndipo ngakhale utanyowa phazi silizizidwa. Mungagone nawo m'kanyumba ka kuphiri, m'mawa n'kuwavalanso, anzanu osatseka mphuno. Ubweya weniweni ukatha ntchito umawola m'nthaka.

Komabe musamve mawu oti ubweya n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Nkhosa zimatulutsa mpweya wa methane umene umawonjezera kutentha kwa dziko. Ku Australia alimi ambiri amadulabe chikopa cha kumbuyo kwa ana a nkhosa pofuna kupewa mphutsi za ntchentche, mchitidwe wopweteka umene New Zealand inauletsa mu 2018. Izi zimandikhudza, choncho ndimayang'ana chizindikiro cha RWS (Responsible Wool Standard), chosonyeza kuti ubweyawo sunachokere ku nkhosa zodulidwa motere. Amene muli ku Joni muli pabwino, poti South Africa imaweta yokha nkhosa za merino ku Karoo ndi ku Eastern Cape.

Ubweya wokhawokha suchedwa kubooka pachidendene, ndiye opanga ambiri amausakaniza ndi nayiloni pang'ono. Ndimavomereza zimenezi, chifukwa masokosi okhala zaka amawononga zochepa kusiyana ndi otaya miyezi itatu iliyonse. Kampani ya Darn Tough ya ku Vermont, ku America, imakupatsani ena akabooka, ndipo amene muli ku Britain mudzapeza a Bridgedale m'masitolo ogulitsa zovala zokwerera mapiri.

Atsopano ndi odula ndithu. Pa kaunjika amapezeka nthawi zina: lowetsani dzanja, mutambasule chidendene padzuwa, mukawona kuwala kukudutsa asiyeni. Mukagula, muziwachapa ndi madzi ozizira osapotokola mwamphamvu, n'kuwayanika pamthunzi, chifukwa madzi otentha amawachepetsa.