Kutsitsa ±35V kufika pa ±15V: zener, 7815, LM317 kapena buck?

Amplifaya yokhala ndi thiransifoma ya 25-0-25 imakhala ndi pafupifupi ±35V pa makapasita ake akuluakulu. Mukafuna kuikamo preamp (gawo lokweza siginolo yofooka isanalowe mu power amp) kapena tone control, ma op-amp, omwe ndi ma IC okweza siginolo, sangapirire mphamvu yotere: TL072 imalekezera pa ±18V, NE5532 pa ±22V, n'chifukwa chake ambirife timawapatsa ±15V. Nanga 20V yotsalayo ipite kuti? Zimatengera karenti yomwe bolodi lanu limakoka, ndiye iwerengeni kaye musanapite kukagula kanthu.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi rezisita ndi zener, diode yomwe imasunga voteji pa mlingo umodzi. Tinene kuti muli ndi ma NE5532 anayi. Iliyonse imadya cha m'ma 8mA, onse pamodzi 32mA. Muwonjezepo 10mA yodutsa mu zener kuti voteji isagwe, zikwana 42mA. Gawani 20V ndi karenti imeneyo, mupeza kuti pakufunika rezisita ya 470 ohm mbali iliyonse. Kutentha kwake kumafika pafupifupi 0.85W, choncho ikani ya 2W ndipo miyendo yake muisiye yaitali kuti isagone pa bolodi. Mukatsegula amplifaya yakale n'kupeza bolodi litada mozungulira marezisita awiri onenepa, kawirikawiri ndi ntchito imeneyi. Zener ya 1N4744A, ya 15V 1W, imakwanira, ndipo kapasita ya 220µF pambali pake imachepetsa phokoso. Ubwino wake ndi wakuti ngakhale mutagunditsa mawaya mwangozi, karenti siingapose 75mA, rezisita imailetsa. Kuipa kwake, mukadzawonjeza IC ina kapena ma LED, masamu onse ayambirenso.

Ambiri amathamangira ma regulator (ma IC okhazikitsa voteji) a 7815, ya +15V, ndi 7915, ya -15V, poti zimapezeka paliponse ndipo sizifuna zambiri. Apa m'pamene pali msampha. 7815 imalola 35V basi pa mwendo wolowera. Thiransifoma ikakhala kuti sikunyamula katundu, voteji imakwera kale, magetsi a 230V akangodumphanso ndi 10 peresenti mwafika pa 38V kapena kuposa. Mwina igwira miyezi ingapo, koma ikafa ikhoza kudutsitsa voteji yonse n'kupha ma op-amp onse nthawi imodzi. Ngati mwaikonda, ikani rezisita ndi kapasita patsogolo pake kuti izilandira cha m'ma 24V, pokumbukira kuti katundu akachepa rezisitayo siitsitsanso voteji mokwanira. Samalaninso miyendo: 7915 siyofanana ndi 7815. Chitsulo chakumsana kwa 7815 ndi ground, cha 7915 ndi input, ndiye kuzimangira pa heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) imodzi popanda mica yotchinga magetsi n'kuitana utsi.

Ine mtima wanga uli pa LM317 (ya positive) ndi LM337 (ya negative), ma regulator omwe voteji yake mumaisankha ndi marezisita. Izi sizisamala kuti input ili patali bwanji ndi ground, zimangofuna kuti kusiyana kwa input ndi output kusapose 40V. Pa LM317, rezisita ya 240 ohm ndi ina ya 2.7k zimatulutsa pafupifupi 15.3V. Mukaika kapasita ya 10µF pa mwendo wa adjust, imachepetsa ripple (kugwedezeka kwa voteji) ya 100Hz ndi pafupifupi 80dB, pamene popanda kapasitayo ndi cha m'ma 65dB. Izi n'zofunika chifukwa magetsi a power amp sakhazikika: bezi ikagunda voteji imatsika, ndipo preamp siyenera kumva zimenezo. Pa ±35V muli pabwino. Pa ±45V nkhani yasintha, chifukwa poyatsa, kapasita ya ku output ili pa ziro ndipo IC imaona 45V yonse. LM317HV imafika 60V, TL783 imafika 125V, koma TL783 ndi ya mbali ya positive yokha. Zikatere ndi bwino kuika transistor yoyendetsedwa ndi zener patsogolo, itsitse voteji kufika pa 24V, kenako regulator imalize ntchito.

Njira zitatu zonsezi zimasandutsa voteji yotsala kukhala kutentha, palibe yozemba. Pa 40mA si nkhani. Koma fani ya 12V yokoka 200mA kuchokera pa 35V ikutanthauza 4.6W yongowotcha m'bokosi. Apa ndiye timabolodi ta buck ta LM2596, totsitsa voteji poyatsa ndi kuzimitsa mwachangu m'malo moiwotcha, timathandiza, pa fani, ma relay ndi Bluetooth. Timagwira pa 150kHz, kutali ndi zomwe khutu limamva, koma phokoso lake limalowerera kudzera mu ground ndi mawaya aatali, ndiye ine sindingadyetsere phono kapena mic preamp mwachindunji. LM2596 wamba imalekezera pa 40V, ndipo imakoka mbali ya positive yokha.

M'bokosi mukakhala malo, kathiransifoma ka 15-0-15 ka 5VA ndi bridge yakeyake kamathetsa mikangano yonseyi: mumapeza cha m'ma ±21V, ndipo 7815 ndi 7915 zimagwira mosavuta. Ndalama zokha ndiye zimachulukirapo.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, ground ya preamp musaitenge pakati penipeni pa makapasita akuluakulu, chifukwa m'pamene karenti yowatchaja imadutsa modukizadukiza. Itengeni pa star point, malo amodzi okumanirapo mawaya onse a ground, patali pang'ono ndi pamenepo. Mukalakwitsa apa sipika izingong'ung'udza, regulator ikhale yabwino chotani.