Shopu ya magemu yakuseri kwa depoti ya Kasungu, mmene ndaionera

Ndakhala ndikupita ku shopu imeneyi kuyambira mwezi wa Meyi ndiye ndati ndilembeko, makamaka chifukwa cha anzanga amene mumasewera magemu a pa intaneti aja oti umapanga kamunthu kako, kukapatsa dzina, zovala ndi ntchito kenako kumayenda nako mdziko loti mulinso anthu ena enieni ochokera maiko osiyanasiyana, aja amati ma MMORPG. Ndikudziwa kuti kuno ku Kasungu tilipo ndithu koma aliyense amasewera mobisa ngati waba nkhuku.

Ine ndili ndi zaka 31, ndili pabanja, ana awiri, ndimagulitsa mbewu ndi feteleza pa boma pompano. Gemu yanga ndi Old School RuneScape, ndinayiyamba 2019 itangotuluka kumene pa foni chakumapeto kwa 2018. Ndi gemu yakale, kampani ya Jagex ya ku England inatulutsa RuneScape mu 2001 ndipo ya Old School iyi inabwera 2013, ubwino wake sifuna foni yapamwamba komanso sidya bando ngati zina zija za Genshin Impact zoti foni imatentha ngati mbaula.

Koma zaka zonsezi ndimasewera ndi manyazi. Tsiku lina ndili mu minibasi pa M1 kupita ku Lilongwe mayi ena amene ndinakhala nawo pafupi anasuzumira pa foni, anaona kamunthu kanga kavala chipewa chachitali kakumenyana ndi chinjoka, basi anangoti "mwana wanga zimenezi si za satanic izi?" nkusendera kuwindo mpaka tinakafika osandiyankhulanso. Alamu anga nawo ananena pamaso pa mkazi wanga kuti munthu wandevu zake kumaseweretsa zidole, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri nchoti apongozi anamva kuti ndimakhalira pa foni usiku iwo nkuganiza kuti ndayamba kubetcha, mpaka anamufunsa mwana wawo ngati ndalama ya ufa ikumafika pakhomo. Ine sindinabetchepo ngakhale kamodzi. Chimandidabwitsa nchoti madoda amatha kuswera pa bawo pansi pa mtengo wa mango kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa palibe amanena kanthu, anthu amagona mochedwa chifukwa cha Arsenal kapena kukangana za Bullets ndi Manoma sabata yathunthu ndipo zimenezo nzabwinobwino, koma iwe ukangotsegula gemu yoti muli malupanga ndi matsenga ndiye kuti mutu wako sukuyenda.

Ndiye tsiku loyamba ndinalowa mu shopu muja ngati ndikufuna kupangitsa photocopy. Kutsogolo kuli ma TV awiri a PlayStation komwe mafana amamenya gemu ya mpira ya FIFA (inasintha dzina 2023 kukhala FC koma pano palibe amaitchula choncho), phokoso lake ngati pa msika. Mkati ndi momwe muli makompyuta anayi. Ndinafunsa mwini wake monong'ona ngati ndingaikepo gemu yanga, iye osaseka, osandiyang'ana modabwa, anangoti "akulu, RuneScape ilipo kale pa kompyuta yachiwiriyo, level yanu ndi chani?" Amwene mtima unakhala pansi nthawi yomweyo. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe munthu anandifunsapo funso limeneli pamaso. Iyeyo amasewera gemu ina ya mtundu womwewu yotchedwa Albion Online, ndipo amadziwa kuti makasitomala ake ena ndi amanyazi moti kompyuta imodzi anaiika pakona sikirini kuyang'ana kukhoma, ndipo mungadabwe kuti imeneyo ndi imene akuluakulu timalimbirana. Pali achemwali ena amabwera mkati mwa sabata mmawa okha kukalibe anthu, akuti akawaona Loweruka pakati pa anyamata mawa lake nkhani ili mtauni monse. Zimenezo zinandikhudza kwambiri chifukwa kwa azimayi nkhaniyi ndi yolemera kuposa ife.

Intaneti amagwiritsa ntchito Starlink, yomwe inafika ku Malawi 2023, ndipo kunena zoona ndi imene imandikokera kumeneku. Pa foni kunyumba ku Chankhanga netiweki imatha kudula uli pakati pa ndewu, pobwerera wapeza wafa katundu yense wapita, pomwe apa ndimatha maola awiri osadukako, kupatula mvula ikamagwa yamphamvu. Mtengo pa ola ndi woti ungagule chipisi cha pachiwaya, ndipo amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Ana ovala yunifomu nthawi ya sukulu amawabweza pakhomo pomwepo ngakhale atanyamula ndalama, ine monga kholo apa ndimamupatsa ulemu. Amakukumbutsanso kutuluka mu akaunti yako usanadzuke, chinthu chofunika zedi pa kompyuta yogwiritsa anthu ambiri.

Zolakwika zilipo. Denga ndi la malata lopanda siling'i ndipo fani ndi imodzi, mwezi wa Okutobala masana simukhalika, thukuta mpaka pa kiyibodi. Mipando ndi ya pulasitiki ija ya pa zinkhoswe, msana umamva. Magetsi akazima inveta yake sinyamula zonse, amazimitsa makompyuta awiri nkusiya ma PlayStation chifukwa ndi omwe amalowetsa ndalama zambiri, ndimamvetsa koma zimapweteka ukakhala walipira kale, ngakhale amakusungira nthawi yako kuti udzamalize tsiku lina. Mahedifoni kulibe, tengani anu.

Sindikukana kuti magemu amatha kumuwononga munthu, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linavomereza kuti pali matenda otere, koma amanena munthu woti walephereratu kudziletsa, ntchito ndi banja wataya kwa chaka chathunthu. Ine ndinagwirizana ndi mayi akunyumba kuti ndi Lachitatu madzulo ndi Loweruka mmawa basi, ndipo amadziwa komwe ndili.

Loweruka lapitali kompyuta yapakona ija inali ndi munthu ndiye ndinakhala pa yoyang'ana kukhomo. Mwadzidzidzi analowa bambo ena amene timapemphera limodzi kudzafuna mwana wawo, anandiona, ine dzanja linafuna kutseka sikirini koma ndinalimba mtima. Anafunsa kuti achimwene mukutani apa, ndinawaonetsa kuti ndikuwedza nsomba, kuziwotcha, kenako kukagulitsa pa msika wa mugemu umene amati Grand Exchange komwe mitengo imakwera ndi kutsika malinga ndi ogula ngati mmene chimanga chimachitira pa msika wathu. Anaima mphindi ngati zisanu akuyang'ana, nkufunsa ngati anthu enawo ali moyodi, ndinati eya, uyu apa anandiuza kuti ali ku Germany. Anangogwedeza mutu nkutenga mwana wawo. Lamulungu anandipatsa moni ngati kale.

Ngati mukufuna kupita, pitani mmawa isanakwane 10 koloko, masana a Loweruka mafana a FIFA amadzadza mpaka panja.