Maikulosikopu ndi bokosi la masilaidi 25: katundu ndi wabwino, koma lebulo imodzi inatipweteketsa

Ndadikira mwezi wathunthu ndisanalembe ndemangayi, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwe ndinachoka pashopu ija, mawu ake sakanawerengeka. Ndikunena maikulosikopu ya ophunzira ija, yoyera, ya diso limodzi, imene amagulitsa pamodzi ndi bokosi la masilaidi 25, timagalasi tomatapo tizidutswa topyapyala ta ziwalo zogaya chakudya. Mtengo wake mukuudziwa amene munakafunsako. Ife tinasonkherana anthu anayi a chipinda chimodzi ku hositelo, aliyense kudula upkeep yake, chifukwa ku labu timaunjikana ambiri pa makina amodzi, ndipo practical imatha iwe usanaone bwinobwino chimene unabwerera.

Makinawo ndilibe nawo chifukwa. Malensi ndi atatu, x4, x10 ndi x40, nyale yake imayendera mabatire, ndiye magetsi akathima timapitiriza. Kachitsulo kopanira silaidi ndiko kamagwedera pang'ono, basi.

Nkhani ili pa silaidi nambala 11. Pa lebulo yake analemba kuti duodenum. Buku limati duodenum ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, cha masentimita pafupifupi 25, pomwe chakudya chochokera m'chifu chimakumana ndi ndulu ndi madzi ochokera ku kapamba. Limatinso chizindikiro chake ndi Brunner's glands, zimene zimakhala mu submucosa, kunsi kwa kachikopa kamkati ka matumbo, n'kumatulutsa madzi onanda othetsa ukali wa asidi wa m'chifu, kuti asapsereze matumbo. Nditaika silaidiyo pa x4 ndinaona ma villi, tinthu tonga tizala toyamwa chakudya, pamwamba, ndipo pansi pake timagulu tikulutikulu tozungulira, ta mtundu wa pepo woderako. Lebulo yanena duodenum, ndiye ndinati izi ndi Brunner's glands. Ndinazijambula m'kope mwanga ndi pensulo, ndinalemba ntchito yake pambali, ndipo madzulo ena ndinaphunzitsa anzanga atatu aja, aliyense kusuzumira n'kugwedeza mutu. Milungu iwiri tikuloweza chithunzi chimenecho.

Tsiku la mayeso a practical, pa siteshoni ina panali chithunzi chomwecho, timagulu ta pepo pansi pa ma villi. Mtima unakhala pansi. Ndinalemba duodenum, Brunner's glands, ntchito yake kuthetsa asidi. Pa siteshoni ina panali duodenum yeniyeni, koma sindinaizindikire, chifukwa maso anga anali asanaionepo. Zotsatira zitatuluka tonse anayi tinalakwa mafunso awiri omwewo, yankho lake lofanana mpaka kalembedwe. Aphunzitsi anatiitanitsa ku ofesi poganiza kuti tinaonererana. Amene munaphunzirapo zachipatala mukudziwa kuti mlandu umenewo si wamasewera. Mnzanga wina analira ali chiimire pakhomo.

Chinatipulumutsa ndi bokosi lomwelo. Tinathamangira ku hositelo kukalitenga, ndipo bambo amene amayang'anira labu anaika nambala 11 pa makina awo. Mphindi imodzi sinakwane. Anati, "Ana inu, iyi ndi ileum. Izi ndi Peyer's patches." Ileum ndi chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono. Kenako anatulutsa duodenum ya m'kabati mwawo kuti tiyerekeze. Brunner's glands ndi zotuwa, ngati thovu, chifukwa madzi onanda aja sagwira utoto kwenikweni. Peyer's patches n'zodera chifukwa mwadzaza ma lymphocyte, timaselo tating'ono tachitetezo cha thupi timene pafupifupi thupi lake lonse ndi nucleus, kadontho kamkati mwa selo, ndipo utoto wa haematoxylin, umene amapaka pa masilaidi, umadetsa nucleus. Anatikumbutsanso kuti tizilombo ta tayifodi timakhamukira m'timagulu timeneti, n'chifukwa chake wodwala tayifodi matumbo akabooka, kawirikawiri amabookera chakumapeto kwa ileum. Ileum yomweyo ndi imene imayamwa vitamini B12 ndi mchere wa ndulu. Apa m'pamene mkwiyo wanga unakula. Ife tikukonzekera kukagwira odwala, ndipo wina watigulitsa chinthu chotiphunzitsa kusokoneza chiyambi cha matumbo ndi mapeto ake.

Mawa lake ndinapita kushopu ndi bokosi komanso risiti. Mtsikana wa pakauntala sanadzuke n'komwe pampando. Anati, "Asisi, ife timangogulitsa, matumbowo sitinadule ndife," n'kundilozera pepala lapakhoma loti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinapempha kuonana ndi eni ake, akuti atuluka. Ulendo wachiwiri, atulukanso. Wachitatu ndinawapeza, ndinawafotokozera mwaulemu, ndinawaonetsa ngakhale zithunzi ziwiri pafoni, cha silaidi yawo ndi cha ku labu. Yankho lawo ndi limene silikundichoka mpaka lero: "Mwana wanga, mwina mwasinthanitsa nokha malebulowo kusukuluko." Lebulo yosindikizidwa ku fakitale, yomatidwa pagalasi, ine ndikaisinthanitsa bwanji? Ndinawapempha kuti atsegule bokosi lina tione ngati nambala 11 yake ilinso chimodzimodzi, anakana, akuti bokosi lotsegula siligulika. Maulendo atatu a minibasi, ngakhale pepani mmodzi osamumva.

Komabe ndinene zoona, chifukwa ndikanama ndikati masilaidiwa ndi oipa. Bambo a ku labu aja anatikomera mtima n'kuunika bokosi lonse, umodzi ndi umodzi. Masilaidi 24 ndi olondola. Cholakwika n'chakuti muli ma ileum awiri, duodenum mulibe. Ndipo iwo eni anayamikira kadulidwe ndi utoto wake, kuti ena akuposa akale a m'kabati mwawo amene anayamba kufwifwa.

Silaidi imene ndimaikonda kwambiri ndi ya pomwe mmero umalumikizana ndi chifu. Ukamayendetsa galasi pang'onopang'ono umaona maselo osanjikizana mizere yambiri, oyenera malo odutsa nsima yotentha ndi fupa la usipa, kenako mwadzidzidzi amatha, n'kuyamba mzere umodzi wa maselo aataliatali a m'chifu. Malire ake ali ngati wina anachita kulemba ndi rula. Tsiku limene ndinaona zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake asidi akabwerera m'mwamba munthu amamva kutentha pamtima, poti mbali ya mmero ilibe chitetezo chimene chifu chili nacho. Ya chifu nayo ndi yokongola pa x40. Ma parietal cell ndi aakulu, apinki, nucleus ili pakatikati ngati dzira lokazinga, ndipo ndi amene amapanga asidi ndi intrinsic factor yothandiza B12 uja kuyamwidwa. Ma chief cell ali pansi pake, oderako, opanga pepsinogen yothandiza kugaya mapulotini. Amayi anga amamwa omeprazole chifukwa cha zilonda zam'mimba, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana maselo apinkiwo podziwa kuti mankhwala awo amakagwira pamenepo.

Chiwindi anaika cha nkhumba, ndipo anachita bwino, chifukwa timagawo take timaoneka malire bwinobwino ngati chisa cha njuchi, mtsempha pakati, ndipo m'makona muli mitsempha iwiri ya magazi ndi kanjira ka ndulu. Pa kapamba ma islets of Langerhans, opanga insulin aja, akuoneka ngati tizilumba totuwa. Matumbo aakulu alibe ma villi, koma ma goblet cell, maselo otulutsa madzi onanda, ali mbwee.

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu. Katundu yekha akanalandira zinayi, mwina n'kuposa, koma kalandiridwe ka pashopupo kachotsa imodzi. Amene mukufuna kugula, gulani, koma musanaloweze chilichonse pitani nalo bokosilo kwa aphunzitsi kapena kwa a ku labu akaliunike, makamaka masilaidi atatu a matumbo aang'ono. Eni shopu pamapeto anati aitanitsa duodenum ina kuchokera komwe amaoda, papita milungu itatu foni sinalire. Nambala 11 ndaimata kapepala katsopano kolembedwa ileum, ndipo duodenum tikumakaionera ku labu Lachisanu masana, bambo aja akatitsegulira.