SWISS-MODEL kapena AlphaFold pa mapuloteni a umuna wa tizilombo?

Anzanga atatu a mu labu andifunsa funso lomweli sabata imodzi, ndiye ndingoyankha onse pano: pa mapulogalamu awiriwa, olosera maonekedwe a puloteni pa kompyuta, yabwino ndi iti? Ine ndimagwira ntchito ndi umuna wa udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo uja, koma poyerekeza ndimadalira ka ntchentche ka Drosophila, chifukwa mapuloteni ake ndi amene anafufuzidwa kwambiri.

Ndiyambe ndi SWISS-MODEL ya ku Basel, imene ndimaikonda ndipo sindibisa. Ndi yaulere, siidya bandulo, ndipo imayankha tiyi asanazizire. Kagwiridwe kake nkosavuta: imasaka puloteni yofanana ndi yanu imene maonekedwe ake anapimidwa kale, nkuumba yanuyo potengera imeneyo. Pa beta2-tubulin, puloteni ya ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) pafupifupi 450 imene imamanga mchira wa umuna, palibenso chofuna kwina. Tubulin sasiyana kwenikweni pakati pa zamoyo, moti wa mu ubongo wa ng'ombe kapena wa nkhumba amakwanira kukhala chikombole. Puloteni yanu ikasowa mbale wofanana nayo ndi 30 pa 100 alionse, musakhulupirire zimene ikupatseni.

AlphaFold ya kampani ya DeepMind siilira chikombole. Nkhokwe yake ya maonekedwe oloseredwa kale, imene anaitsegula ndi bungwe la kafukufuku la ku Ulaya la EMBL-EBI mu 2021, pofika 2022 inali itapitirira mapuloteni 200 miliyoni. Lowetsani nambala ya puloteni yanu ya mu UniProt, kaundula wa mapuloteni wa pa intaneti, mwina mupeza kuti yanu ilimo kale. Ndikanayamba ndi zimenezo.

Koma ayi, ine ndinafuna kuyendetsa ndekha pulogalamu yonse, ati ndionekere. Laputopu yanga sikanatha, choncho ndinabwereka kompyuta ya pa intaneti ku kampani ina yakunja, yolipira pa ola. Mtengo wa pa olawo ndinauwerengera bwinobwino. Chimene sanalembe poonekera nchakuti nkhokwe zimene pulogalamuyi imafuna zimaposa ma terabyte 2, ndipo malo osungirawo amalipiritsa usana ndi usiku, ngakhale kompyutayo mutaizimitsa. Ndinazimitsa, nkupita kumudzi kukakolola. Pobwerera ndinapeza khadi langa la kubanki litametedwa mpala, m'madola, kwacha ili m'mene ililimu. Nditawalembera anangonditumizira tsamba la malamulo awo. Mpaka lero ndikaona chizindikiro chawo mtima umandiwawa.

Nanga ndinagula chiyani ndi ndalama zonsezo? Ndinkafuna maonekedwe a ma protamine a Drosophila, Mst35Ba ndi Mst35Bb. Umuna ukamakhwima, mapuloteni amenewa amalowa m'malo mwa ma histone, mapuloteni amene DNA imakulungidwapo, nkufinya DNA mpaka mutu wa umuna kuwonda ngati singano. Ali ndi ma amino acid a arginine ndi lysine ambiri, ndiye amakakamira DNA ngati maginito. Chithunzi chitatuluka, kachigawo kochepa kokha ndi kamene kanapindika bwino. Kwinako kunali zingwe za mtundu wa lalanje zolendewera ngati matumbo a nkhuku. Lalanje amatanthauza kuti pLDDT, muyeso wa mmene AlphaFold ikudzikhulupirira, ili pansi pa 50, kunena kuti pulogalamuyo payokha ikukaika. Siinalakwitse ayi. Zigawo zoterezi sizikhala ndi maonekedwe okhazikika zikakhala zokha, popanda DNA yoti zigwire. SWISS-MODEL nayo pamenepa inangogwira pakamwa, koma iyo sinanditengere ngakhale tambala.

Ngakhale pa tubulin pomwe pali mbuna. Kansonga kake kakumapeto, komwe kali ndi kamndandanda ka ma amino acid anayi kotchedwa EGEF kofunika kuti mchira wa umuna upangike bwino, kamagwedezeka nthawi zonse. SWISS-MODEL kawirikawiri imangokadula, AlphaFold imakajambula mokaika. Pamenepo palibe wopambana.

Kwa inu a tubulin, SWISS-MODEL basi. A protamine, yang'anani kaye nkhokwe yaulere ija, kenako yesani seva ya AlphaFold 3 ya 2024, imene imalola kuika puloteni pamodzi ndi DNA, yaulerenso ngati simukuchita malonda, ngakhale ili ndi malire a ntchito pa tsiku. Kubwereka kompyuta ndiye ayi, pokhapokha khadilo likhale la pulojekiti.