Figma m'manja mwa wokonza mapulogalamu wa ku Harare

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mufakose, Highfield kapena Epworth amene akufuna ntchito yokonza maonekedwe ndi kayendedwe ka mapulogalamu a pa foni sangazembe Figma, chida cha pa intaneti chojambulira maonekedwe amenewa. Anaiyambitsa Dylan Field ndi Evan Wallace mu 2012, anaitsegulira aliyense mu 2016, ndipo inakula mpaka kampani ya Adobe inafuna kuigula pa madola 20 biliyoni mu 2022, ngakhale malondawo analephereka mu Disembala 2023. Ife tikuti ndi chida chabwino zedi, koma chili ndi chizolowezi chimodzi choipa chimene chingakusokeretseni kuno kwathu, ndipo tifikako.

Choyamba, ndalama. Kuyamba ndi kwaulere, ndipo imatseguka mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, pa laputopu wamba popanda kuikapo china chilichonse. Dongosolo laulereli limakupatsani mafayilo atatu ogwirira limodzi ndi anzanu ndipo limasunga mbiri ya zimene mwasintha kwa masiku 30. Pophunzira zimenezi n'zokwanira. Mukayamba kupeza makasitomala mudzafunika kulipira, ndipo amalandira madola a ku America kudzera pa khadi.

Chimene timaikondera kwambiri ndi auto layout. Mukasankha mawu n'kudina Shift ndi A, Figma imawakuta m'kabokosi kamene kamakula kapena kuchepa malinga ndi utali wa mawuwo. Kwa ife ichi n'chofunika kuposa mmene azungu amaganizira. Batani lolembedwa "Send" lili ndi zilembo 4, koma "Tumizani" ali ndi 8. "Confirm" ali ndi 7, "Tsimikizani" ali ndi 11. Wokonza amene anapima batani lake pa Chingerezi n'kulikhoma kuti lisasinthe, tsiku lomasulira m'Chichewa kapena m'Chishona amapeza mawu atadukira pakati kapena atakwerana. Muziika m'lifupi mwa batani pa Hug contents, osati Fixed width, ndipo muziyesa ndi mawu aatali kwambiri amene muli nawo. Ndipo poti tili pa mawu, lembani "Tumizani", osati "Tumiza". Amene akudina batanilo akhoza kukhala agogo a zaka 70, ndipo foni isawalankhule ngati ikutuma mwana. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anavomereza, choncho sitikupempha chachilendo. Onaninso ngati mtundu wa zilembo umene mwasankha uli ndi ŵ. Inter ndi Roboto zili nayo, koma mitundu yambiri yokongoletsa ilibe, ndipo kalemba kameneka kamatuluka kosiyana ndi anzake pakati pa liwu.

Ma component nawonso ndi abwino: batani mumalipanga kamodzi, kudina Ctrl, Alt ndi K, ndipo mukadzasintha mtundu wake limasintha paliponse pamene munaliika.

Vuto loyamba ndi intaneti. Figma imasunga ntchito yanu pa makompyuta awo, ndiye magetsi akazima, netiweki n'kugwa, fayilo imene simunaitsegule kale simungaitsegule. Imene inali yotsegula mutha kupitiriza nayo, ndipo zimene mwasintha zimadikira pa kompyuta yanu mpaka netiweki ibwere, koma musafufute zosungidwa za browser nthawi imeneyo, mungataye ntchito ya tsiku lonse. Madzulo alionse pitani pa File, musankhe Save local copy, mukhale ndi fayilo yanuyanu. Chachiwiri, tsamba limodzi la browser limapatsidwa malo okwana 2 GB basi. Fayilo yodzaza zithunzi zikuluzikulu imayamba kukwawa, kenako imakuchenjezani kuti malo atha, komanso imadya bandulo nthawi iliyonse mukaitsegula. Chepetsani zithunzi musanaziike, ndipo ntchito yakale muziisamutsira ku fayilo ina.

Tsopano chizolowezi choipa chija. Mukadina F kuti muyambe, Figma imakuonetsani mndandanda wa mafoni, ma iPhone atsopano ali pamwamba. Zitsanzo zaulere zimene anthu amagawana mmenemo zilinso choncho: tizilembo tating'ono totuwa pa malo oyera, zithunzi zazikulu, zinthu zoyendayenda. Wophunzira amayamba kuganiza kuti ntchito yake ndi kukongoletsa. Koma amayi ogulitsa tomato pa Mbare Musika agwira foni ya itel kapena Tecno ya galasi long'aluka, ali padzuwa la masana, dzanja lina likupereka chenji. Ena ali ndi kafoni ka mabatani kamene kuno timati kambudzi, ndipo ndalama amatumiza poimba *151#. Ntchito yeniyeni ya wokonza ndi kudziwa chimene munthu ameneyu ayenera kuona choyamba, chachiwiri, ndi chimene sayenera kuona n'komwe.

Ndiye musasankhe iPhone. Lembani nokha m'lifupi mwa tsamba lanu kuti mukhale 360. Chilichonse chodina chisachepere 48 uku ndi uku pa muyezo womwewo, monga mmene malangizo a Android amanenera, chifukwa chala chachikulu cha munthu amene ali m'kombi yogwedezeka sichilunjika. Kusiyana kwa mtundu wa mawu ndi mtundu wa kumbuyo kwake kufike pa 4.5 kwa 1, muyezo wa WCAG, malangizo othandiza kuti aliyense athe kuwerenga za pa intaneti, apo ayi padzuwa sizioneka. Pa nambala iliyonse ya ndalama lembani pambali pake ngati ndi USD, madola a ku America, kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe. Chiyambireni ZiG mu Epulo 2024, "50" wopanda dzina ndi msampha. Ndalama yodulidwa potumiza pamodzi ndi msonkho wa boma wa IMTT, umene amadula potumiza ndalama, zioneke munthu asanalembe PIN, osati mu uthenga wobwera ndalama zitapita kale.

Pa USSD, njira ija yoimba manambala ngati *151#, Figma siikuthandizani kwenikweni, ndipo apa ndi pamene imatikhumudwitsa. Uthenga umodzi wa USSD sungapitirire zilembo 182, kuwerengera mipata ndi manambala omwe, ndipo munthu akachedwa kuyankha foni imadula, amayambiranso pachiyambi. Figma payokha siikuuzani kuti mwapyola malire amenewa. Mndandanda wotero muyambe kuulemba pa pepala, muwerenge zilembo, chimene anthu amachita kawirikawiri chikhale pa nambala 1, ndipo nambala yobwerera m'mbuyo ikhale imodzimodzi paliponse. Mukatero ndiye mupite ku Figma kukalumikiza masitepewo.

Kulumikizako kuli pa Prototype: mumakoka kamzere kuchokera pa batani kukafika pa tsamba lotsatira, n'kutsegula zonsezo pa foni yeniyeni kudzera pa pulogalamu yawo ya pa Android. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, analemba mu 2000 kuti anthu asanu amakwanira kuulula mavuto ambiri a pulogalamu. Pezani asanuwo pa siteji ya makombi ya Copacabana kapena pa msika, osati anzanu a ku Harare Institute of Technology amene amadziwa kale zimene mukufuna. Apatseni foni muwauze kuti, "Amayi, tayesani kutumiza madola 5 kwa mwana wanu." Kenako mukhale chete, muyang'ane chala chawo. Pamene chaima m'mwamba osadina, lembani tsambalo ndi mawu amene anali kuwerenga, mukalikonze musanapite kwa munthu wachiwiri.