Hadi disiki, SSD ndi fulashi: ukafufuta fayilo mwangozi, ndi iti ingakubwezere?

Mlamu wanga amajambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Mwezi watha anafika kunyumba nkhope itagwa, laputopu ili m'khwapa. Anali atafufuta foda ya ukwati wathunthu, n'kukhuthulanso Recycle Bin, poganiza kuti zonse anakopera kale kwina. Tinayendetsa Recuva, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, mayina a zithunzi anatuluka ndithu, mndandanda wautali, koma titatsegula chimodzichimodzi munalibe kanthu. Laputopuyo inali ndi SSD, chosungiramo mafayilo cha mtundu watsopano.

Ikanakhala hadi disiki yakale ija, ya mbale zozungulira m'kati, mwina tikanaseka usiku womwewo. Kufufuta pa hadi disiki kuli ngati aphunzitsi akachotsa dzina m'kaundula pomwe mwanayo akadali m'kalasi. Windows imangolemba kuti malo akutiakuti alibenso mwini, koma fayilo imakhala pomwepo mpaka ina idzalembedwe pamwamba pake. N'chifukwa chake Recuva kapena PhotoRec, yomwe ndi yaulere, imatha kutola zinthu zomwe munafufuta miyezi yapitayo, bola disikiyo musanaidzazenso.

SSD khalidwe lake ndi lina, ndipo apa m'pamene ambiri timapusitsika. M'kati mwake mulibe choyenda, muli timatchipi tokhatokha. Timatchipi timeneti tili ngati bolodi lomwe ungalembepo mzere umodziumodzi, koma pofufuta uyenera kupukuta chigawo chachikulu nthawi imodzi, ndipo pamalo olembedwa kale sungalembepo usanapukute. Kuti isamachedwe, SSD imafuna kudziwiratu malo osafunikanso n'kuwayeretsa nthawi ikadalipo. Lamulo loiuza zimenezi limatchedwa TRIM, ndipo Windows inayamba kulitumiza pa Windows 7, m'chaka cha 2009. Mukangokhuthula Recycle Bin, uthenga wapita. Ma SSD ambiri kuyambira pamenepo amangoyankha maziro (0) okhaokha mukawafunsa za malowo, ndiye dzina la fayilo likuoneka koma m'kati mulibe kanthu. Choopsa china n'chakuti ntchito yoyeretsayi SSD imaigwira yokha malinga ngati ikulandira moto, ngakhale inu musakukhudza kiyibodi. Zikakuchitikirani, zimitsani kompyuta nthawi yomweyo. Kudawunilodera pulogalamu yopulumutsira mafayilo pa disiki yomweyo n'kuthira mchere pabala.

Mukafuna kuona ngati TRIM ikugwira ntchito pa yanu, tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, n'kulemba fsutil behavior query DisableDeleteNotify. Likabwera yankho la 0, ndiye kuti ikugwira. Ena amalangiza kuizimitsa kuti mafayilo azipulumutsika. Ine ayi, sindingakuuzeni zimenezo. SSD imayamba kuchedwa polemba ndiponso imatha msanga, pomwe chitsimikizo choti mudzapeza fayilo yanu palibebe.

Fulashi ndi memori khadi ndi abale a SSD, timatchipi take ndi ta mtundu umodzi, koma nthawi zambiri sizilandira TRIM. Pa nkhani yobweza mafayilo, zimayandikira kwa hadi disiki. Vuto lake n'lakuti sizichedwa kufa, makamaka zotchipa zapamsika zija.

Pogulitsa laputopu, zinthu zimatembenuka. Hadi disiki ukangoifomata mwachangu, wogula angathe kutulutsa zithunzi zanu ndi makalata akubanki, choncho imafunika kulembedwa paliponse kuti zakale zifafanizike. Pa SSD njira imeneyi siifika pena, chifukwa ili ndi malo ena apadera omwe kompyuta siiwaona. Yodalirika ndi Secure Erase, njira youza SSD kuti idzifufute yokha yonse, yomwe imapezeka m'mapulogalamu a kampani yopanga SSD-yo.

Ndiye iti? Yoikamo Windows ndi kugwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ine ndimasankha SSD mosakayika: ndi yachangu, ndipo siiopa mabampu a m'minibasi. Koma zinthu zoti zikasowa mungalire, monga zithunzi za makasitomala, pepala la kuyunivesite kapena maakaunti a bizinesi, zikhalenso pa hadi disiki yapadera, yomwe mumailumikiza pokopera basi kenako n'kuitsekera m'dirowa.

Mlamu wanga uja anapulumukira pa memori khadi ya m'kamera. Anali ataifomata, koma asanajambulirepo zina. PhotoRec inayenda usiku wonse, ndipo m'mawa zithunzi zinatuluka ndi mayina a manambala osokonekera, koma mkwatibwi ali m'menemo ndi velo yake. Anakhala tsiku lonse akuzisanja, kuyambira za kutchalitchi mpaka za pelekanipelekani.